Katundu wina sakwera lole: kusamutsa banja kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe

Kumapeto kwa mwezi uliwonse, pamsewu wa M1 pamadutsa malole amene sananyamule fodya, feteleza kapena simenti. Pamwamba pake pamakhala matiresi omangidwa ndi zingwe, mipando yoloza miyendo kumwamba, mtondo ndi munsi, njinga yakapalasa, ndipo nthawi zina dengu la nkhuku likulendewera kumbuyo. Amenewa ndi mabanja amene akusamuka. Ena ndi aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo amene alandira kalata yowatumiza kudera lina. Ena ndi a geni amene aona kuti msika wawo wauma, pomwe enanso akutsatira mbale amene wawapezera pogwira.

Ochuluka ndithu mwa iwo amakhala akulowera ku Lilongwe. Mzindawu unakhala likulu la dziko la Malawi mu 1975 kulowa m'malo mwa Zomba, ndipo mu 2004, Pulezidenti Bingu wa Mutharika atalamula kuti nduna ndi maofesi a boma amene anali adakali ku Blantyre asamukire kulikulu, mabanja ena ambiri anatsatira. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, pamene ku Blantyre kunali 800,264.

Pakati pa mizinda iwiriyi pali makilomita opitirira pang'ono 300 podzera pa Zalewa. Ulendo wake ndi wa tsiku limodzi, ndipo n'chifukwa chake mabanja ambiri amaika nzeru zawo zonse pa lole: ipezeka kuti, ndi ya matani angati, dalaivala akufuna zingati. Komatu mbale ikasweka panjira imagulidwa ina. Zimene zimasautsa banja kwa chaka chathunthu ndi zija zosatheka kumangidwa ndi chingwe: mbewu zimene zatsala m'munda, mayeso a mwana, mankhwala a wodwala ndi ngongole ya kugulu.

Tsiku amasankha ndi munda ndi sukulu

Banja la mutauni m'Malawi kawirikawiri limakhalanso banja la mlimi. Wokhala ku Machinjiri, ku Bangwe kapena ku Chirimba amakhala ndi kamunda chakumpanda, kapena munda weniweni ku Lunzu, ku Chileka ngakhale ku Chiradzulu. Chimanga chimabzalidwa ndi mvula yoyamba mu Novembala kapena Disembala ndipo chimakololedwa mu Epulo ndi Meyi. Wosamuka pakati pa miyezi imeneyi amasiya m'munda feteleza amene anagula ndi thukuta limene anakhetsa. Akagulitsa chimanga chili chiimire, wogula amatchula mtengo podziwa kuti mwini wake alibe nthawi yonenerera. Akachisiya m'manja mwa mbale, matumba amene amamva pafoni sakhala ofanana ndi amene munda uja unkatulutsa.

Sukulu nayo ili ndi kalendala yake. Chaka cha maphunziro m'Malawi chimayamba mu Sepitembala ndi kutha mu Julayi. Mwana wa Sitandade 3 kapena 5 akhoza kusamutsidwa pakutha pa teremu iliyonse popanda vuto lalikulu, bola akhale ndi kalata yochokera kwa mphunzitsi wamkulu, imene ambiri amangoti thiransifa, pamodzi ndi zotsatira za mayeso ake. Nkhani imavuta kwa ophunzira a Sitandade 8, Fomu 2 ndi Fomu 4. Amenewa amalembetsa ku bungwe la MANEB miyezi ingapo mayeso asanafike, ndipo dzina lawo limakhala pa sukulu imene analembetsera. Kumuchotsa mwana wotere mu Malichi ndiko kumuika pachiswe. Mabanja anzeru amamusiya kwa mbale wodalirika mpaka atalemba pepala lomaliza, ngakhale kuti kusiya mtsikana wa zaka 14 pakhomo pa eni kumafuna kuganizira kawiri za pakhomopo, osati za sukulu yokha.

Palinso china chimene makolo amachizindikira mochedwa. Ana osankhidwa kupita ku sekondale zoyendera amatumizidwa ku sukulu za kufupi ndi pulayimale imene analembera mayeso. Mwana amene walemba ku Ndirande dzina lake lidzatuluka ku Blantyre komweko, makolo ali kale ku Kawale. Kuti apeze malo ku Lilongwe pamafunika kuyendera maofesi a zamaphunziro a zigawo ziwiri, cha South West kumene akuchoka ndi cha Central West kumene akupita, ndipo malowo sapezeka tsiku limodzi. Mabanja amene amawoloka malire kupita ku Chipata kapena ku Lusaka amakumananso ndi kalendala ina, poti ku Zambia chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, mwezi umene umatsala ndi Ogasiti. Chimanga chimakhala chitalowa m'matumba, sukulu zatsekera, misewu ya m'makwalala yauma, ndipo katundu sangavumbwe panjira. Koma ngakhale Ogasitiyo ali ndi chotsamwitsa chake kwa mlimi wa kummwera, ndicho nandolo. Mbewu imeneyi, imene alimi a ku Blantyre ndi maboma oyandikana nawo amabzala pamodzi ndi chimanga, imachedwa kucha ndipo imakololedwa chilimwe chitalowa. Banja losamuka mu Ogasiti liyenera kudziwiratu amene adzaithyole, amene adzaisunge, ndi gawo limene wothyolayo adzatenge.

Munda umene ukutsala

Munda wa makolo sugulitsidwa chifukwa cha kalata ya ntchito. Ntchito imatha, geni imagwa, ndipo munthu amabwerera. Vuto ndi lakuti munda wongosiyidwa suchedwa kupeza mwini wina. Malire amasuntha mzere umodzi chaka chino, mizere iwiri chaka chamawa. Mbale amene anangopemphedwa kuti azilimapo, pakatha zaka zisanu amayamba kunena kuti anapatsidwa. Milandu yotere ndi imene imadzaza mabwalo a mafumu, ndipo wotsala pamudzi amakhala ndi mboni zambiri kuposa wochokera kutauni.

Njira yake ndi yosavuta koma anthu amaichitira manyazi, poopa kuoneka ngati akukayikira abale awo. Asananyamuke, mwini munda ayenera kupita kwa nyakwawa pamodzi ndi amene akumusiyirayo komanso mwinimbumba, n'kulemba papepala kuti mundawo wabwerekedwa, kwa zaka zakuti, pa mgwirizano wakuti. Malire ayendedwe pamaso pa oyandikana nawo. Lamulo la malo a mafumu la mu 2016 linatsegula mwayi woti banja lilembetse malo ake kudzera m'makomiti a zamalo, ndipo kumene ntchitoyi inafika ndi bwino kufunsa. Kumene sinafike, pepala lokhala ndi chidindo cha mfumu limaposabe mawu a pakamwa. M'madera a chikamwini, kumene munda ndi wa mayi ndi mbumba yake, bambo sangamange yekha mgwirizano wotere ngakhale kalata yosamutsa itabwera m'dzina lake.

Chimanga chikwere kapena chitsale?

Palibe mayi amene amafuna kufika kumalo achilendo opanda ufa. Komabe masamu a lole ndi ouma mtima. Thumba limodzi ndi makilogalamu 50, kotero matumba 20 ndi tani yathunthu. Lole ya matani atatu ikanyamula matumba amenewa, gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake latha bedi lisanakwere. Kuwonjezera apo, zaka zambiri chimanga chimakhala chokwera mtengo kummwera kusiyana ndi m'chigawo chapakati, kumene chimalimidwa chochuluka. Wochinyamula kuchoka ku Blantyre kupita nacho ku Lilongwe amakhala akulipira kuti apite nacho kumene chili chotchipa. Papepala, nzeru ndi kugulitsa ku Blantyre n'kukagula china ku Mitundu kapena ku Chimbiya.

Koma banja silikhala papepala. Ndalama ya chimanga ikalowa m'thumba sabata ya msamuko, imapita ku lendi, ku yunifolomu ndi kwa onyamula katundu, ndipo pofika Januwale, pamene mtengo umakhala utakwera kwambiri, m'nyumba mumakhala mulibe chimanga ngakhale ndalama. Banja limene likudziwa kuti dzanja lake ndi lofewa lichite kunyamula, ngakhale zikhale zodula. Limene lingathe kuika ndalamayo padera ndi kugula m'sabata yoyamba yomweyo likhoza kugulitsa. Chimanga chimene chikwere lole chikhale chouma bwino, chothiridwa mankhwala a anankafumbwe kapena chosungidwa m'matumba osalowa mpweya monga a PICS, ndipo chisagundane ndi parafini, feteleza kapena mankhwala a mbewu.

Ziweto ndi nkhani ina. Mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe siziyenda kuchoka m'boma lina kupita lina popanda chilolezo cha alangizi a ziweto, ndipo kukabuka matenda monga chigodola cha nkhumba kapena zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, chilolezocho sichiperekedwa n'komwe. Nkhuku zikhale zitalandira katemera wa chitopa. Kunena zoona, nyumba ya lendi ku Biwi kapena ku Mchesi ilibe malo a khola, ndipo mbuzi yosiyidwa kwa mbale kumudzi pa mgwirizano wogawana ana imapindula kuposa yomangidwa pakhonde. Makala nawo asakwere. Lamulo la zankhalango, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kunyamula makala opanda chilolezo, ndipo matumba awiri okha akhoza kuimitsa lole yonse pa rodibuloko ya pa Zalewa, ana ndi katundu zili momwemo.

Buku la kuchipatala lisalowe m'katoni

Mwa zonse zimene zimasokonekera pa msamuko, choopsa kwambiri ndi mankhwala. Chiyambire 2004 pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere, anthu ambiri ali moyo chifukwa chomwa mankhwalawa tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Mbiri ya munthu aliyense imasungidwa pachipatala chimene amalandirira. Wosamuka ayenera kupita kumeneko sabata ziwiri kapena zitatu ulendo usanachitike, kunena kumene akupita, kutenga kalata yomusamutsira ku chipatala china, ndi kupempha mankhwala okwanira kufikira atakhazikika. Ku Lilongwe kuli zipatala za m'madera, komanso za Lighthouse zimene zili pa Kamuzu Central ndi pa Bwaila. Wofika wopanda kalata amathandizidwabe, koma ena amachita manyazi n'kukayezetsa ngati atsopano, ndipo mbiri ya mankhwala amene anawayanja kapena kuwakana imatayika.

Chimodzimodzinso odwala chifuwa chachikulu, amene mankhwala awo ndi a miyezi isanu ndi umodzi ndipo akalekezedwa panjira matenda amabwerera ali olimba. Palinso a shuga, a kuthamanga kwa magazi ndi a khunyu. Mayi woyembekezera adziwiretu sikelo imene akapitirize ndi kumene akachilire. Khanda lili ndi masiku ake a katemera, monga wa chikuku pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, ndipo jakisoni wolera wa miyezi itatu sadikira kuti makatoni amasulidwe.

Apa ndi pamene mlangizi wa zaumoyo amafunika kwambiri, ndipo pamafunika luso. M'nyumba zina muli munthu amene amamwa mankhwala mobisa, mkazi kapena mwamuna wake osadziwa. Munthu wotere sangatchule za chipatala pamene banja likukambirana za ulendo, ndipo botolo lake likhoza kukwera lole lili m'thumba la zovala zimene zidzamasulidwe patatha sabata. Mlangizi akamva kuti banja lakuti likusamuka, ndi bwino acheze ndi akulu a m'nyumbamo aliyense payekha. Mabuku a kuchipatala, mankhwala, ziphaso za unzika, makalata a sukulu ndi mapepala a munda ziyende m'chikwama cha m'manja, pamiyendo pa mwini wake.

Ukayenda siya phazi

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukupeza. Masiku ano mlomowo umayenda pafoni ndipo umafika ku Lilongwe lole isanadutse pa Ntcheu. Amayi ambiri ali m'magulu a banki mkhonde, amene amasonkha masheya chaka chonse n'kugawana kumapeto, kawirikawiri mu Disembala. Wochoka mu Ogasiti amakhala ali pakati pa ulendo wa gululo. Ngati ali ndi ngongole aibweze, kapena agwirizane ndi gulu pamaso pa onse za mmene adzabwezere. Ngati ali ndi masheya, malamulo a gulu ndiwo anene ngati angapitirize kusonkha kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba mpaka tsiku logawana. Wothawa usiku ndi ndalama za gulu amapweteka anzake khumi ndi asanu, ndipo amapwetekanso mlangizi amene anakhazikitsa gululo.

Thandizo la boma nalonso limatsata malo. Dzina limene lili pamndandanda wa feteleza wotsika mtengo kapena wa Mtukula Pakhomo linalembedwa pansi pa mfumu yakuti, m'boma lakuti, ndipo silisamuka lokha. Banja lifunse kwa mlangizi kapena ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu lisananyamuke, ndipo powerengera za chaka chotsatira lisadalire thumba la feteleza limene mwina silidzabwera.

Nyumba ionedwe ndi maso

Lilongwe ndi mzinda womwazikana, ndipo manambala a madera ake amasocheretsa mlendo. Area 24 ndi Area 25 zimamveka ngati zoyandikana, chikhalirecho ina ili kummwera kwa mzinda pomwe inayo ili kumpoto, kufupi ndi Kanengo. Nyumba yotchipa imene ikufuna maminibasi awiri kupita kuntchito ndi awiri pobwerera imadya ndalama zoposa zimene yapulumutsa. Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi iwiri kapena itatu pakamodzi, ndipo alipo akathyali amene amatumiza zithunzi za nyumba za eni pafoni, n'kulandira ndalama, foni n'kuzima. Mmodzi wa m'banjamo apite akaione yekha, akumane ndi mwini wake weniweni, ndipo alandire lisiti.

Akafika afunse za madzi: ngati pali mpopi, bilu ya Lilongwe Water Board ilibe ngongole ya amene anatulukamo? Ngati mita ya ESCOM ndi yogawana ndi nyumba zina, mayunitsi amagula motani? Ayang'anenso pamene nyumbayo yakhala. Anthu a ku Blantyre sanaiwale zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mu Malichi 2023. Ku Lilongwe kulibe mapiri otere, koma mitsinje ya Lingadzi ndi Lilongwe imasefukira, ndipo nyumba imene ikuoneka youma mu Ogasiti ikhoza kukhala m'dambo. Oyandikana nayo ndiwo amanena zoona, osati wofuna lendi.

Tsiku la lole

Mtengo wa lole umatsika ngati banja lapeza galimoto imene inabweretsa katundu ku Blantyre ndipo ikubwerera yopanda kanthu. Mulimonsemo, mgwirizano ulembedwe: mtengo wonse, tsiku, nambala ya galimoto, amene alipire onyamula, ndi amene alipire pa zipata ziwiri zolipirira msewu, cha pa Chingeni chimene chinatsegulidwa mu 2021 ndi cha pa Kalinyeke ku Dedza cha mu 2022. Mtengo wogwirizana mwezi wathawu ufunsidwenso, chifukwa mafuta akakwera kapena kwacha ikagwa, monga inachitira ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawu a dzulo sagwira ntchito. Theka liperekedwe ponyamuka, lotsalalo katundu atatsika. Wogwira ntchito amene wasamutsidwa ndi abwana ake afunse molemba chimene ofesi ilipire ndi nthawi imene ndalamayo idzatuluke, asanakongole poyembekezera kubwezeredwa.

Katundu alembedwe m'kope pamene akukwera. Malisiti a wailesi ya kanema, filiji kapena makina osokera akhale pafupi, poti apolisi a panjira akhoza kufunsa umboni wakuti si zakuba. Zolemera zikhale pansi ndi kutsogolo, filiji iime chilili, ndipo lona lisaiwalike ngakhale m'chilimwe chifukwa cha fumbi. Basi imatenga maola anayi kapena asanu, koma lole yodzaza imachedwa pa zitunda za pakati pa Ntcheu ndi Dedza, choncho inyamuke mbandakucha kuti katundu atsike dzuwa lisanalowe. Ana ndi okalamba akwere basi. Mtengo wa matikiti atatu sungafanane ndi mwana wokhala pamwamba pa matiresi lole ikutsika chitunda. Pa Lizulu, pamene msewu umayenda m'malire ndi Mozambique, mbatatesi, kabichi ndi tomato zimakhala zotsika mtengo, ndipo ndiwo za sabata yoyamba zikhoza kugulidwa pamenepo.

Miphika iwiri

Kalata ya ntchito siyang'ana kalendala ya munda. Ikabwera mu Febuluwale, mabanja ambiri amagawikana: wantchitoyo amatsogola, ena n'kutsala mpaka kukolola ndi mayeso zitatha. Nthawi zambiri imeneyi ndiyo njira yabwino, koma ili ndi mtengo wake. Lendi imakhala iwiri, miphika iwiri, ndipo maukwati ena athera pamenepa, miyezi itatu itasanduka zaka zitatu. Banja litchule mwezi weniweni umene lidzakhalenso pamodzi, ankhoswe audziwe.

M'kukambirana konseku, mawu a mayi amafunika kumveka kuyambira pachiyambi. Bambo wosamutsidwa amakapeza desiki ndi malipiro zikumudikira. Mayi amene ankagulitsa mandasi pa Chirimba kapena kaunjika ku Limbe amasiya makasitomala amene anawasonkhanitsa zaka zambiri, benchi yake ya mumsika ndi anzake omukongoza pa tsiku loipa. Ndalama imene ankapeza ndi imene inkagula ndiwo ndi sopo, ndipo ikasowa miyezi itatu yoyamba nyumba yonse imamva. Mpamba wake usalowe m'ndalama za lole.

Katundu akatsika, ntchito yotsala ndi yodziwika kwa eni dera. Banja likaonekere kwa mfumu ya m'deralo ndi kulowa m'kaundula wa zopereka za maliro, chifukwa kutauni zovuta zikagwa pakhomo pa munthu wosadziwika, anthu amangosuzumira pampanda. Akhristu a CCAP amakhala achoka mu sinodi ya Blantyre kulowa ya Nkhoma ndipo amafunika kalata ya kumpingo kwawo, Akatolika amafunsa za mphakati wa m'dera lawo, Asilamu amakadziwika kumzikiti wapafupi. M'magulu amenewa ndi mmene mumamveka za sukulu imene ili ndi malo, za msika umene ungalandire geni yatsopano, ndi za munda wa lendi chaku Nathenje, ku Mpingu kapena ku Chitedze. Minda imeneyi imagwidwa msanga. Wofika mu Ogasiti ali ndi Sepitembala ndi Okutobala kuti apeze malo, agalauze mizere ndi kufunsa alimi a kumeneko mbewu imene imachita bwino, poti kuchigawo chapakati m'malo mwa nandolo anthu amadalira mtedza ndi soya, ndipo mvula yobzalira imafika mochedwerapo kusiyana ndi kummwera.